Funsani Mmisiri: Kapaipi ka Shawa Kakungophulika

Funso: Bambo mmisiri, ndithandizeni. Nyumba yathu ili kumunsi, pafupi ndi mtsinje wa Mudi. Chaka chino chokha kapaipi ka shawa ya m'manja kaphulika katatu. Shawayo imadontha usiku wonse ngakhale ndimange mpaka dzanja kuwawa, ndipo ndikatseka mpopi wakukhitchini mapaipi amalira kuti gu! m'khoma. Posamba, ndikangotsegula madzi ozizira pang'ono, otentha amathawiratu. Bambo akunyumba anatseka theka valavu ya pamita koma palibe chasintha. Kodi akundigulitsa zinthu zabodza? Mayi wodandaula, Blantyre.

Yankho: Pepani mayi, ndalama zapita zambiri. Koma musalimbane ndi wasitolo. Zonse mwatchulazi gwero lake ndi limodzi: madzi akulowa m'nyumba mwanu ndi mphamvu yopyola muyezo, ija timati puresha.

Madzi ambiri a mu Blantyre amapopedwa kuchokera mu Shire, ku Walker's Ferry, n'kukasungidwa m'mathanki a pamtunda. Akamatsika, mamita 10 aliwonse amawonjezera mphamvu ndi bar imodzi (bar ndi muyezo wa puresha). Ndiye inu okhala kumunsi mumalandira katundu yense, pamene anzanu a m'mapiri akudandaula kuti madzi akungotuluka ngati misozi. Nyumba imakhala bwino pa bar 3 kapena 4. Zikapyola 6, marabala a m'mipopi amadyeka msanga ndipo timapaipi tofewa sitipirira. Usiku ndiye zimanyanya, chifukwa anthu agona, palibe akutunga.

Bambowo anayesetsa, koma kutseka valavu theka kumangochepetsa madzi otuluka pamene mpopi uli wotsegula. Mukatseka mipopi yonse, mphamvu ija imadzazanso paipi monga kale, n'kumakankha kapaipi kanu mpaka mbandakucha. Zimenezi ndimazifotokoza pafupifupi nyumba iliyonse imene ndaitanidwa, ndipo ambiri sakhulupirira mpaka ataona geji, kachipangizo koyezera puresha.

Choncho yambani n'kuyeza. Pulambala amange geji pa mpopi wapanja, mipopi ina yonse ili yotseka, ndipo muiwerenge masana komanso cha m'ma 4 koloko m'mawa. Mwezi watha ndinachita zomwezi panyumba ina yakumunsi ngati yanu. Masana muvi unali pa 5, koma m'mawa mwini nyumba anandiimbira mawu akunjenjemera, ati wafika pa 9. Tinaika valavu yochepetsa mphamvu, imene m'masitolo a hardware amaitcha pressure reducing valve, n'kuitchera pa 3. Kulira kwa m'khoma kuja kunachepa tsiku lomwelo.

Valavuyi imaikidwa mbali yanu, madzi akangodutsa mita. Mita ndi paipi yochokera kumsewu musazigwire, n'za a Water Board.

Za madzi otenthawo, kwerani muone musiling'i. Nyumba zambiri zakale giza yake imamwa m'thanki ya kudenga, pamene ozizira amachokera kumsewu mwachindunji. Thanki yokwera mamita 3 pamwamba pa shawa siikwanitsa ngakhale theka la bar. Otentha ndi ozizira akakumana pa mikisa, mpopi wosakaniza madzi uja, amphamvu amabweza ofookawo. Mankhwala ake n'kuti otentha ndi ozizira a m'bafa achokere pamalo amodzi: onse m'thanki, kapena onse atadutsa pa valavu yochepetsa mphamvu ija ngati giza yanu ili yopirira puresha. Werengani chizindikiro cha pagizapo. Zambiri zochokera ku South Africa zimalembedwa 400 kPa kapena 600 kPa, kutanthauza bar 4 kapena 6.

Chimodzi ndikupempheni ndi mtima wonse. Mukaona kapaipi ka giza kotulukira panja kakudontha, musakatseke ndi chitsekerero kapena kukapinda. Ndi pamene giza imapumira. Ndinapezapo kena atakakhomera kamtengo chifukwa kamanyowetsa khonde, ndipo ndinathamanga kukazimitsa magetsi ndisanapereke n'komwe moni, poti giza yotsekedwa chotero itha kuphulika anthu ali m'nyumba.

Kapaipi kachinayi kaye musagule. Dikirani geji ilankhule, valavu ilowe, kenako musinthe marabala a m'shawamo, chifukwa amene alimowo anadyeka kale.