N'chifukwa chiyani odwala bipolar amathamangira mowa?

Funso: Achimwene anga anawapeza ndi matenda a bipolar, koma mowa sausiya. Chimawakoka n'chiyani?

Yankho: Bipolar ndi matenda a maganizo amene amachititsa munthu nthawi zina kusangalala ndi kuthamanga maganizo mopitirira muyezo, nthawi zina kugwa m'chisoni chachikulu. Maganizo akamathamanga, munthu sadziletsa ndipo tulo sitibwera, choncho ena amamwa kuti agone. Akagwa m'chisoni chachikulu amamwa kuti aiwale, koma mowa ukatha m'thupi chisonicho chimakula.

Choopsa kwambiri ndi tulo. Mowa umadzutsa munthu pakati pa usiku, ndipo kusagona kumautsa matendawa. Umachepetsanso madzi m'thupi, zomwe zingachulukitse m'magazi mankhwala a bipolar otchedwa lithium, ngati munthuyo amawamwa. Zizindikiro za kuchuluka kwa lithium ndi kunjenjemera, kusanza ndi kudzandira. Mankhwala ena a bipolar otchedwa valproate ndi mowa zikakumana zimavutitsa chiwindi.

Ngati amamwa tsiku lililonse, asasiye mwadzidzidzi chifukwa angakomoke ngati akhunyu. Pitani nawo kwa dokotala amene amawapatsa mankhwala.