Kanthu kozungulira kofukulidwa m'munda pafupi ndi Shire: ndi chipolopolo kapena mtovu wa asodzi?

Bambo ena a ku Mangochi andilembera kalata pa imelo, ndipo andilola kuti ndiwayankhe poyera popeza funso lawo lingathandizenso ena. Akuti mwana wawo amene amagwira ntchito ku Johannesburg anawabweretsera makina ofufuzira zitsulo pansi, ndipo akuwayesa m'munda mwawo, tsidya la kum'mawa kwa mtsinje wa Shire, anafukula kanthu kozungulira, kotuwa, kokula ngati nthudza koma kolemera modabwitsa. Maginito sakukakoka. Pa zithunzi zimene atumiza, kanthuko kali pambali pa rula ndipo kakukwana pafupifupi mamilimita 17. Kali ndi kamzere kozungulira pakati, kachiphuphu kakang'ono pamalo amodzi, mbali ina ndi yophwatalala pang'ono, ndipo kalibe chibowo. Akufuna kudziwa kuti ndi chiyani, ndi kakale bwanji, ngati angakatsuke, komanso ngati kali ndi mtengo.

Zikomo kwambiri, bambo, makamaka chifukwa choika rula pachithunzi, pakuti zimenezo zandipeputsira ntchito. Malinga ndi zonse mwafotokozazi, chimene mwafukula ndi mtovu, ndipo ndikuona kuti ndi chipolopolo cha mfuti zakale zothirira wonga kukamwa, zimene ife timazitcha gogodela. Ndifotokoza zifukwa zake kuti mudzitsimikizire nokha, chifukwa inu ndi amene muli nako m'manja.

Chitsulo chilichonse chimaola mwa njira yakeyake chikakhalitsa m'nthaka. Chitsulo wamba, cha makasu ndi misomali, chimachita dzimbiri lofiira ndipo maginito amachikoka; choncho timipira ta mu beringi ya njinga kapena ya chigayo, timene anthu ambiri amatisokoneza ndi zipolopolo, tachoka kale pa mndandanda. Mkuwa umasanduka wobiriwira. Aluminiyamu amatuwa, koma ndi wopepuka kwambiri moti simukanadabwa ndi kulemera kwake. Mtovu ndiwo umavala chikhungu choyera kapena chotuwa, ndipo umalemera kuposa zonsezi: kachidutswa kamene mbali zake zonse ndi sentimita imodzi kamalemera magalamu 11.3, pamene chitsulo wamba cha msinkhu womwewo chimalemera pafupifupi 7.9, aluminiyamu 2.7 basi. Mukapeza sikelo yaing'ono yoyeza magalamu, kayezeni. Mpira wa mtovu wa mamilimita 17 kapena kupitirirapo pang'ono uyenera kulemera magalamu 29 mpaka 32. Msinkhu umenewu ndi wa zipolopolo za mfuti zazikulu za asilikali a ku Britain za kalelo, zimene zitatha ntchito ku Ulaya amalonda ankazigulitsa zochuluka kum'mawa kwa Africa.

Kamzere kozungulira kaja ndi msoko wa chikombole. Zipolopolo zoterezi ankazipanga posungunula mtovu n'kuuthira m'chikombole cha mbali ziwiri chotseguka ngati pulayazi, ndipo pamene mbali ziwirizo zimakumana pamatsala kamzere. Kachiphuphu kaja ndi pamene panali kamchira ka mtovu wotsalira pakamwa pa chikombole, kamene ankakadula ndi mpeni. Za mbali yophwatalala, iyang'anitsitseni padzuwa. Mtovu ndi wofewa, motero chipolopolo chowomberedwa chikagunda mtengo, mwala kapena nthaka chimaphwanyika mosalongosoka, nthawi zina mchenga n'kulowerera m'kati mwake. Chikakhala ndi kadzenje kakang'ono kosalala, kawirikawiri ndi pamene chinasindikizidwa ndi ndodo yokankhira chipolopolo mu mpope wa mfuti. Koma chikakhala ndi bala lowongoka, lowala, limenelo ndi khasu la chaka chatha, osati nkhondo.

Popeza kwanuko ndi kwa asodzi, sindingalumphe funso limene munthu aliyense wa kunyanja angafunse, loti kodi si mtovu wolemeretsa ukonde kapena mbedza. Asodzi a chambo, kampango ndi utaka amagwiritsadi ntchito mtovu, ndipo ena amasungunula wa m'mabatire akale a galimoto. Kusiyana kwake n'kwakuti mtovu wa msodzi uyenera kugwira chingwe, choncho umakhala ndi chibowo, kapena mng'alu wopanikizira chingwe, kapena umakhala kachidutswa kopindidwa mokulunga chingwe cha m'munsi mwa ukonde. Wanu alibe chilichonse mwa zimenezi. Palinso timitovu tosindikiza zilembo timene ankatsekera mitolo ya nsalu ndi matumba a makalata, ndipo mpaka lero timaoneka pa mamita a madzi ndi magetsi, koma timeneto ndi tophwatalala ngati ndalama ndipo timakhala ndi njira ya waya.

Funso la zaka ndi limene likufuna kudekha. Dera lanu ndi limodzi mwa madera amene munadutsa mfuti zambiri m'dziko muno m'zaka za m'ma 1800. Mafumu a Chiyao monga Mponda, Makanjira ndi Jalasi ankachita malonda ndi anthu a kugombe la nyanja ya mchere, ku Kilwa ndi madoko ena, kutumiza minyanga ya njovu ndi akapolo, n'kumalandira nsalu, mikanda, waya wamkuwa, mfuti ndi wonga. Mudzi wa Mponda unali podutsira pofunika chifukwa apaulendo ankawolokera pamenepo, pafupi ndi pamene Shire amatulukira m'nyanja, ndipo David Livingstone anafikapo mu 1866. Mu 1891 Harry Johnston, mkulu wa boma la atsamunda a ku Britain m'dziko muno, anabwera ndi asilikali a Chisikh ochokera ku India motsogozedwa ndi Captain Cecil Maguire, namanga linga tsidya la kum'mawa moyang'anana ndi kwa Mponda, limene analitcha Fort Johnston. Maguire anaphedwa mu Disembala chaka chomwecho polimbana ndi anthu a Makanjira. Jalasi anabweza asilikali a atsamunda mu 1892, ndipo anagonjetsedwa mu 1895. Tauni ya Fort Johnston, imene lero ndi Mangochi, inasamukira tsidya la kumadzulo limene ili lero mu 1897. Ndiye mukamati munda wanu uli kum'mawa kwa mtsinje, mukunena za nthaka imene inaonadi zinthu zimenezi.

Apa pali mfundo imene ingakuthandizeni ngati mungafukule zina. Asilikali a boma la atsamunda sankawombera mipira yozungulira. Iwo anali ndi mfuti zoikira chipolopolo kumbuyo, za mtundu wa Snider ndi Martini, ndipo zipolopolo zake ndi zazitali, zosongoka kutsogolo, zina zili ndi mizere m'mbali ndi kadzenje kumunsi, ngakhale kuti kulemera kwake ndi pafupifupi magalamu 31 omwewo. N'chifukwa chake sikelo payokha siingathetse nkhani; maonekedwe ndiwo amasiyanitsa. Pambuyo pake kunabwera zipolopolo zowonda za .303 zokutidwa ndi chitsulo cholimba, zimene asilikali a King's African Rifles anali nazo pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, pamene Fort Johnston linali doko lalikulu la asilikali ndi atengatenga. Mpira wozungulira ngati wanuwu unali wa anthu a mafumu, a amalonda apaulendo, ndi wa alenje.

Alenjewo ndi amene akundichititsa kuti ndikupempheni kuti musafulumire kuuza anthu kuti mwapeza chipolopolo cha nkhondo ya Mponda. Mfuti za gogodela sizinathe pamene nkhondo zinatha. Anthu anapitiriza kusakira nyama, kuthamangitsira mvuu ndi nguluwe m'minda, kwa zaka zambiri m'kati mwa ulamuliro wa atsamunda ndi kupitirira apo. Chikhungu chochindikala choyera chimene chikuoneka pachithunzi chikusonyeza kuti kanthuko kakhala pansi nthawi yaitali, ndipo msinkhu wake ndi kapangidwe kake zikugwirizana ndi zaka za m'ma 1800, koma chipolopolo chilibe chaka cholembedwa ngati ndalama. Chimene chimachipatsa zaka ndi malo amene chinagona ndi zinthu zimene chinagona nazo. Chikakhala chokha pakati pa munda, chikhoza kukhala cha mlenje amene anaphonya. Chikapezeka pamodzi ndi zinzake zosawomberedwa, timiyala ta mfuti toyatsira moto, mikanda yagalasi ndi mapale a miphika, ndiye kuti mwina panali mudzi kapena msasa wa apaulendo, ndipo pamenepo nkhani yakula kuposa kanthu kamodzi.

Pa chifukwa chimenechi, ntchito yoyamba si kutsuka ayi, koma kulemba. Bwererani pamalopo musanaiwale, mujambule dzenjelo ndi zizindikiro zozungulira monga mtengo kapena chulu, mulembe kuya kwake, ndipo ngati foni yanu imaonetsa manambala a malo pa mapu, muwasunge. Mufunsenso achikulire a m'mudzimo zimene akhala akutola polima, chifukwa nthawi zambiri iwo amadziwa kale mbali ya munda imene imatulutsa mapale ndi mikanda, ndipo ena amakumbukira amene ankakhala pamenepo.

Kutsuka ndikukuletsani ndithu. Musakakwecheshe ndi mchenga, phulusa kapena waya wotsukira mapoto, ndipo musakaviike m'madzi a mandimu kapena viniga, chifukwa zowawasa zimadya mtovu ndipo chikhungu chija, chimene ndi umboni wa ukale wake, chidzatha. Kuchotsa dothi pang'onopang'ono ndi mswachi wofewa n'kokwanira, kenaka mukasunge m'kathumba kapulasitiki pouma pamodzi ndi pepala lolembapo malo ndi tsiku. Kumbukirani kuti mtovu ndi poizoni, makamaka kwa ana, ndipo fumbi loyeralo ndi limene limalowa m'thupi mosavuta. Ana asaseweretse kapena kuika m'kamwa, ndipo inu muzisamba m'manja mukakagwira. Mpira wa mtovu wokha sungaphulike. Koma makina anu akadzalira pa chinthu chokhala ndi chikopa chake chamkuwa chosawomberedwa, kapena chitsulo chachitali chokhala ndi zipsepse, musachigogode ndipo musachinyamule. Ikani chizindikiro ndi kudziwitsa apolisi. Izi n'zofunika kwambiri chakumalire, cha ku Namwera ndi Chiponde, popeza nkhondo ya ku Mozambique inatha mu 1992 pomwepa.

Za mtengo ndinena mosabisa: zipolopolo zoterezi zimapezeka zambiri m'maiko ambiri, ndipo pa ndalama si kanthu. Akabwera munthu wonena kuti m'kati mwake muli mankhwala odula, kapena kuti ali ndi wogula wakunja koma muyambe mwapereka ndalama yoyezetsera, ameneyo akufuna kukuberani. Komanso dziko lathu lili ndi lamulo la Monuments and Relics Act la 1990, limene limateteza zinthu zakale: wopeza chinthu chotere ayenera kudziwitsa boma, ndipo kukumba mwadala pofuna zinthu zakale kapena kuzitulutsa kunja kumafuna chilolezo. Lamuloli ndimaligwirizana nalo ndi mtima wonse, chifukwa boma la Mangochi lili ndi malo osowa. Ku Nkope akatswiri anafukula mapale a anthu osula zitsulo amene ankakhala m'mbali mwa nyanja zaka zoposa 1,500 zapitazo, ndipo mtundu wa miphika imeneyo umadziwika ndi dzina la Nkope mpaka lero. Malo ngati amenewo munthu wa makina ndi khasu akhoza kuwawononga masana amodzi, osadziwa n'komwe kuti wasokoneza chiyani. Choncho pa malinga akale monga Fort Mangochi ndi Fort Maguire, pamanda, ndi pamabwinja odziwika, makinawo asafikepo, ndipo m'munda mwa munthu wina muyambe mwapempha mwini wake ndi amfumu.

Mwayi wanu ndi wakuti thandizo lili pafupi. Pa boma pomwepo, kufupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi ndi nsanja ya wotchi ya Mfumukazi Victoria imene pambali pake pali mzinga wa sitima ya Guendolen, pali nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Lake Malawi Museum, imene ili pansi pa nthambi ya boma yoona za zinthu zakale. Pitani nako kumeneko pamodzi ndi zithunzi ndi pepala lanu lija, muwafotokozere pamene munakapeza, ndipo muwafunse ngati mungapitirize kufufuza m'mundamo kapena adzayambe aona okha. Kufikira atakuyankhani, mbali imeneyo ya munda muzingolima monga mwa masiku onse, osakumba mozama. Mukayeza kulemera kwake mundilemberenso, ndipo mutumize chithunzi china cha mbali yophwatalala ija chojambulidwa pafupi, dzuwa likuwomba cham'mbali kuti mizere ioneke bwino.