Mafunso Anu: Kodi ma claim a inshulansi angasonyeze ngati ana akuthandizidwa bwino?

FUNSO: Ndine namwino ku Chipata. Chibwerereni NHIMA, bungwe la boma loyendetsa inshulansi ya zaumoyo kuno ku Zambia, timalemba ma claim tsiku ndi tsiku kuti chipatala chilipidwe. Ndamva kuti ku America amagwiritsa ntchito zolemba zomwezi poyeza ngati ana akuthandizidwa bwino. Zimatheka bwanji, poti ife timangoziona ngati nkhani ya ndalama?
Namwino, Chipata

YANKHO: Zikomo a Namwino, mwamva zoona. Ku America ana a m'mabanja osapeza bwino amathandizidwa ndi inshulansi ya boma ya Medicaid, yomwe idayamba mu 1965, ndi ya CHIP ya mu 1997. Lamulo la mu 2009 lidalamula kuti pakhale miyezo imodzi yoonera chisamaliro cha anawa, yotchedwa Child Core Set, ndipo kuyambira mu 2024 chigawo chilichonse chikukakamizidwa kupereka malipoti ake. Yambiri mwa miyezoyi imachokera m'ma claim.

Claim iliyonse imakhala ndi nambala ya mwana, tsiku lobadwa, tsiku lomwe adaonedwa, nambala ya matenda ya ICD-10, ndi zomwe adamuchitira kapena mankhwala omwe adatenga. Mukalumikiza ma claim onse a mwana mmodzi, mumaona njira yomwe wayenda.

Chovuta kwambiri n'kusankha ana oti awerengedwe. Tinene kuti mukufuna kudziwa ngati makanda akupita kusikelo mokwanira. Muyezo wa ku America umafuna maulendo 6 kapena kuposa m'miyezi 15 yoyamba. Koma amawerenga ana okhawo omwe adakhala pa inshulansi mosalekeza, kupatula mpata umodzi wosapitirira masiku 45. Mukapanda kutero, mwana yemwe adalembetsa ali ndi miyezi 12 amaoneka ngati wonyalanyazidwa pomwe maulendo ake oyamba sadalowe m'buku lanu. Choipa chake n'chakuti ana omwe amangolowa n'kutuluka, omwe kawirikawiri ndiwo ovutikitsitsa, amasowa m'chiwerengero. Tikulangiza kuti lipoti lizinenanso kuti ana osiyidwawo ndi angati.

Muyezo womwe timaukonda ndi wa mphumu, wa ana a zaka 5 mpaka 18. Amawerenga mankhwala oteteza, omwe mwana amagwiritsa ntchito tsiku lililonse, n'kuwagawa ndi mankhwala onse a mphumu omwe adatenga chaka chimenecho. Mwana yemwe watenga mainhela 2 oteteza ndi 6 a salbutamol, othandiza pomwe wabanika, amapeza 2 mwa 8, kapena kuti 0.25. Chofunika ndi 0.5 kapena kuposa. Nambala yotsika ikutanthauza mwana yemwe amadzuka usiku akupuma movutikira, mayi ake n'kumathamangira inhela ya buluu ya salbutamol, pomwe matendawo sakutetezedwa. Komabe claim imangonena kuti mankhwala adatuluka mufamase, osati kuti mwanayo akupopa moyenera.

Musafulumirenso kuwerenga. Ma claim amafika mochedwa, ena amabwezedwa kuti akonzedwe, n'kulowanso kachiwiri. Dikirani miyezi itatu kapena kuposa chaka chikatha, ndipo muchotse obwereza.

FUNSO: Kodi tingadziwe kudzera m'ma claim kuti ndi ana angati omwe alandira katemera, kapena kuti ndi chipatala chiti chomwe chikupereka ma antibiotic mwachisawawa?
Wophunzira zaumoyo, Blantyre

YANKHO: Pa katemera, ma claim paokha amanamiza. Chomwe sichilipiritsidwa sichilembedwa. Ngakhale ku America komweko, mwana akabayitsa ku chipatala cha boma chomwe sichitumiza claim, amaoneka ngati sadabayitse, n'chifukwa chake amaphatikizapo kaundula wa katemera kapena kutsegula mafayilo a ana 411 osankhidwa mwachisawawa. Ku Malawi ndi ku Zambia katemera ndi sikelo n'zaulere m'zipatala za boma, choncho umboni wake uli m'buku la mwana la kuchipatala ndi m'marejisitala, osati ku inshulansi.

Pa ma antibiotic ndiye ma claim amathandiza ndithu. Mumatenga ana onse olembedwa kuti ali ndi chimfine wamba, n'kuona kuti ndi angati omwe adapatsidwa antibiotic pasanathe masiku atatu. Dziko la South Korea lidayamba kulengeza poyera ziwerengero zotere za chipatala chilichonse mu 2006, ndipo kupereka mankhwalawa pa chimfine kudatsika.

Koma chenjerani: ogwira ntchito akadziwa kuti akuyezedwa, ena amasintha nambala ya matenda, chimfine n'kusanduka chibayo papepala. Choncho yang'anani zonse pamodzi. Ngati ma antibiotic a chimfine atsika koma chibayo chakwera mwadzidzidzi popanda ana ambiri ogonekedwa, pitani mukatsegule mafayilo. Mukaonemo ngati adalemba kuti mwana amapuma kangati pa mphindi, poti kupuma mofulumira kumayambira pa 50 kwa mwana wa miyezi 2 mpaka 11, ndi pa 40 kwa wa chaka chimodzi mpaka zaka zisanu.