N'chifukwa chiyani amati Kabbalah usaiwerenge usanakwanitse zaka 40?

Achimwene ena anditumizira imelo. Akuti anamva kuti Ayuda amaletsa munthu kuwerenga Kabbalah asanakwanitse zaka 40, ndiye akufunsa ngati m'mabukumo muli matsenga oti n'kupengetsa munthu.

Achimwene, arabi, omwe ndi aphunzitsi a chipembedzo cha Chiyuda, sankaopa matsenga. Ankaopa zimene anali ataziona kale ndi maso awo.

Kabbalah ndi chiphunzitso chakuya chofufuza mmene Mulungu wosaoneka amakhudzirana ndi chilengedwe. Buku lake lalikulu, Zohar, linatulukira ku Spain kumapeto kwa zaka za m'ma 1200. Koma amene anakoleza moto ndi Isaac Luria wa ku Safed. Iye ankaphunzitsa kuti polenga dziko, kuwala kwa Mulungu kunathiridwa m'ziwiya, ziwiyazo n'kusweka. Tizidutswa ta kuwalako tinagwera mumdima, tinakodwa m'makoko otchedwa kelipot, ndipo ntchito ya Myuda ndi kutiwombola popemphera ndi posunga malamulo.

Mu 1665, Nathan wa ku Gaza, katswiri wa chiphunzitsochi, analengeza kuti Sabbatai Zevi wa ku Smyrna ndiye Mesiya. Ayuda kuyambira ku Yemen mpaka ku Amsterdam anasokonezeka ndi chimwemwe. Mayi wina, Glückel wa ku Hameln, analemba kuti apongozi ake anatumiza ku Hamburg migolo iwiri yodzaza nsalu, nyemba ndi nyama yowumitsa, kukonzekera ulendo wa ku Dziko Loyera. Migoloyo inangokhala, kudikira ulendo umene sunachitike.

Mu 1666 Sabbatai anagwidwa, n'kupita naye ku Edirne kwa Sultan Mehmed IV, mfumu ya Chisilamu ya ufumu wa Ottoman. Poopa imfa, analowa Chisilamu.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Ambiri anabwerera kunyumba ndi manyazi, koma otsatira ouma mtima sanagwedezeke. Nathan anati Mesiya anayenera kutsikira yekha m'kati mwa kelipot kuti akatole kuwala kotsala. Mwaona? Chimene chikanagwetsa chikhulupiriro chawo anachisandutsa umboni wake. Kwa ine choopsa chenicheni n'chimenechi: chiphunzitso chokhala ndi yankho lobisika pa chilichonse, moti ngakhale mtsogoleri akane chipembedzo chake masana dzuwa likuswa mtengo, inu mumangoti n'chinsinsi chakuya. Ena ku Salonika anamutsatira m'Chisilamu, kwinaku akusunga miyambo yawo mobisa. Amenewa ndi aja amatchedwa Dönme.

Patapita zaka pafupifupi 90, Jacob Frank ku Poland, amene ankadzitcha wolowa m'malo mwa Sabbatai, anafika pophunzitsa kuti kuswa malamulo a Torah, Chilamulo cha Mose, ndi njira ya chiwombolo. Arabi atakumana ku Brody mu 1756 anachotsa gulu lake mu mpingo, n'kulamula kuti Zohar asawerenge munthu wosakwana zaka 30, ndipo zolemba za Luria adikire mpaka 40. Maganizo a zaka 40 analipo kale, koma apa anakhwimitsa. Frank ndi anthu ake anabatizidwa mu Katolika mu 1759.

Lamuloli silinagwire ntchito paliponse. Ahasidi, gulu lina la Ayuda opembedza kwambiri, amaphunzitsa achinyamata mfundo zambiri za Kabbalah mpaka lero, ndipo Luria mwiniwakeyo anamwalira mu 1572 ali ndi zaka 38.