Yankho: kodi chiphunzitso cha Katolika chimasintha?

Achimwene mwafunsa kuti ngati Maria anatengedwa kumwamba ndi thupi lomwe, nanga bwanji Papa Pius XII anadzalengeza mu 1950, kodi si zoti mpingo unangopeka mochedwa? Funso limeneli ngakhale anzathu achisilamu pamsika wa Mangochi amandiponyera ndithu. Akhristu anayamba kale kale kukondwerera kutengedwa kwa Maria kumwamba pa 15 Ogasiti zaka mazanamazana 1950 isanafike, Papa anangotseka nkhani mwalamulo, chimodzimodzi mu 1854 pomwe Pius IX analengeza zoti Maria sanakhudzidwe ndi tchimo lachibadwa.

Ophunzira za Mulungu amati chiphunzitso chimakula, ndipo chitsanzo chakale ndi cha Vincent wa ku Lérins, mlembi wachikhristu wa m'zaka za m'ma 400, akuti mwana akakula kukhala nkhalamba thupi limasintha koma munthu ndi yemwe uja. John Henry Newman, yemwe anali wansembe wa Anglican ku England, analemba buku lonse pa nkhani imeneyi mu 1845, chaka chomwechonso analowa Chikatolika, ndiye msonkhano waukulu wa maepiskopi wa Vatican II m'chikalata chake cha Dei Verbum cha 1965 unanenanso kuti kumvetsa kwa zomwe tinalandira kwa Atumwi kumapitabe patsogolo. Kapena tengani msonkhano wa maepiskopi wa ku Nicaea mu 325, mawu achigiriki oti homoousios, kuti Mwana ndi wa umulungu umodzi ndi Atate, mulibe m'Baibulo koma anawasankha pothana ndi Arius, wansembe yemwe ankaphunzitsa kuti Mwana anachita kulengedwa.

Ine pomwe pamandivuta ndi kusiyanitsa kukula ndi kupotoka, apa ndipomwe akatswiri amakangana m'magazini a maphunziro ngati AFER ya ku Eldoret. Funsani ansembe kuparishi mwina ali ndi makope akale.