Kwa mayi amene anavulazidwa mtima mumpingo

Mayi, mwafunsa ngati mwataya chikhulupiriro chifukwa munasiya kupita kutchalitchi akulu ampingo ataulula pagulu nkhani ya banja lanu imene munawauza mwachinsinsi. Ine ndikuona kuti simunachitaye. Bala limeneli limapweteka kwambiri chifukwa amene anakulasani ndi anthu omwe munkadya nawo mgonero. Pa Salimo 55:12-14 Davide akudandaula zomwezi, kuti womunyoza sanali mdani koma mnzake amene ankapita naye kunyumba ya Mulungu.

Musalole kuti wina akukakamizeni kukhululuka msanga, ndipo ngakhale mutadzakhululuka, sizitanthauza kuti muziwauzanso zakukhosi kwanu. Pezani munthu mmodzi wosunga chinsinsi, makamaka wa kunja kwa mpingowo, muzimufotokozera. Ngati tulo sitikubwera kwa milungu ingapo, chonde kaonaneni ndi aphungu kuchipatala.