Vidiyo iziyenda pang'onopang'ono, wotchi iziwerenga zoona

FUNSO: Zikomo akonzi. Ine ndi mphunzitsi wa zamasewero pa pulayimale ina kuno ku Dedza, ndili ndi atsikana anayi othamanga mamita 100 ndiye ndimawajambula pa Tecno yanga. Vuto pomaliza amafika mothithikana moti sindiona kuti woyamba ndani, ana mpaka kukangana. Ndikufuna vidiyo iziyenda pang'onopang'ono, pakona pazioneka kawotchi. Ndinayesa pa CapCut, pulogalamu yokonzera mavidiyo, koma anawo ankakwawa wotchi ikuthamanga, mpaka kufika masekondi 30 pomwe iwo amamaliza pa 15. Ndikulakwitsa pati?

YANKHO: Aphunzitsi, mwagwira ntchito yabwino ndipo mwatsala pang'ono. Chomwe chachitika nchoti munayamba kuchedwetsa vidiyo kenako nkuyika wotchi pamwamba, ndiye wotchiyo sikudziwa kuti pansipo zinthu zachedwa, ikungowerenga nthawi yake. Tembenuzani. Wotchi iyambe kulowa, kuchedwetsa kubwere pambuyo.

Chitani chonchi. Tsegulani stopwatch ya mu Clock pa foni yanuyo, yatsani screen record, ija imajambula zomwe zikuoneka pa sikirini ya foni, isiyeni iwerenge masekondi 20 kapena kuposa. Pa CapCut lowetsani vidiyo ya ana, dinani Overlay nkusankha ya stopwatch ija, iduleni ndi Crop kutsale manambala okha, ikokereni pakona, kenako muisunthe mpaka 00.00 igwere penipeni pomwe ana akunyamuka. Musachedwetse kanthu apa. Panganitu export. Ikatuluka ilowetseninso ngati pulojekiti yatsopano, dinani Speed, Normal, tsitsani kufika pa 0.5x. Tsopano ana ndi wotchi zamatana, zichedwera limodzi.

Koma pali kanthu kena komwe ambiri sakaganizira ndipo nkomwe ndikufuna mukagwire. Inu mukujambula muli pomalizira, woyimba wezulo ali uko mamita 100. Phokoso limayenda pafupifupi mamita 340 pa sekondi, ndiye wezuloyo ikufika pa foni yanu itachedwa ndi masekondi 0.3, ana atanyamuka kale. Mukayambitsa wotchi pomvera wezulo muwapatsa nthawi yabodza, adzakakhumudwa akakapita ku mpikisano wa zoni. Oyambitsayo agwire kansalu kofiira m'mwamba azikatsitsa poimba wezulo, inu muyambitse wotchi poona nsaluyo.

Za kajambulidwe, mafoni ambiri amajambula zithunzi 30 pa sekondi, ndi zija amalemba 30fps. Mukachedwetsa ndi theka zimatsala 15 ndiye vidiyo imayamba kudumphadumpha, miyendo kuoneka ngati utsi. Onani mu kamera ngati muli 60fps, ngati ilimo ndiyomweyo, ndipo pa export musankhenso 60. Jambulani dzuwa lili bwino, foni itakhazikika pa mpando kapena pa njerwa moyang'anizana ndi mzere womalizira, osati patsogolo kapena kumbuyo kwa mzerewo, apo ayi wina azioneka ngati wapambana pomwe sanapambane. Kuja CapCut imati ikusalazireni slow motion, kusiyeni, imapeka zithunzi zapakati zomwe kamera sinajambule, nzabwino pa vidiyo ya ukwati koma osati poweruza ana.

Ngati kusukulu kuli laputopu, Shotcut ndi yaulere ndipo ili ndi fyuluta yotchedwa Timer, palinso Kinovea ya pa Windows yomwe anaipangira zamasewero zomwezi, ili ndi stopwatch yakeyake ndipo mumayenda chithunzi chimodzichimodzi mpaka kuona chifuwa cha ndani chayamba kudutsa mzere. Eya, chifuwa, pa mpikisano sawerenga mutu kapena dzanja.

Potumizira makolo pa WhatsApp itumizeni ngati document, imadya bandulo yambiri pang'ono koma mukaitumiza wamba imafinyidwa timanambala tija sitiwerengekanso. Mudzatilemberenso aphunzitsi, tikufuna timve kuti atsikanawo afika pa masekondi angati.